MTENGO WENIWENI WA GALIMOTO UDZIWIKA TSIKU LOIGULITSA

M'MAWA, ndege zisanayambe kutera pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula mu mzinda wa Livingstone, magalimoto amakhala atandanda kale panja kudikira alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pamakhala ma Toyota Land Cruiser aatali misinkhu, ma Prado, timabasi ta mahotela, ndipo mwa apo ndi apo Mercedes-Benz kapena Range Rover yonyezimira ngati kalirole. Oyendetsa ake amapukuta fumbi pa magalasi mosamala, monga mmene mlimi amasamalira ng'ombe yake ya pagoli.

Munthu wocokera ku Katete kapena ku Petauke ataona mndandanda wotere angaganize kuti eni ake ndi anthu amene cuma cinawakhalira pakhomo. Komatu si galimoto iriyonse pa mndandandawo imene ndi ya munthu woiyendetsa, kapena ya kampani imene dzina lake lalembedwa pa citseko. Ena mwa magalimotowo ndi a mabanki, ena ndi a makampani obwereketsa, ndipo mwezi uliwonse pamakhala ndalama zoyenera kulipidwa, alendo abwere kapena asabwere.

Nkhani imeneyi ikhudza anthu a kumidzi cifukwa magalimoto omwewa akakalamba sathera m'tauni. Amagulidwa ndi aphunzitsi opuma pa nchito amene alandira penshoni yao, ndi amalonda a m'magolosale, ndiponso ndi alimi amene soya, thonje kapena fodya wawayendera bwino caka cimeneco. Cimene eni makampani a ku Livingstone anaphunzira ndi ndalama zao cingapulumutse ndalama za mabanja amenewa.

MZINDA WODZIWA MAGALIMOTO

Livingstone unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 kufikira mu 1935, pamene likulu linasamukira ku Lusaka. Ulalo wa pa mathithi, umene unatsirizidwa mu 1905, unapangitsa mzindawu kukhala khomo lolowera katundu wocokera kum'mwera, ndipo magalimoto anali m'gulu la katundu ameneyo.

Mu 1972 munatsegulidwa fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene Boma, kupyolera mu kampani yake ya Indeco, linali nayo pamodzi ndi kampani ya Fiat ya ku Italy. Zitsulo zinali kubwera m'mabokosi, ndipo ana a dziko lino anali kuzilumikiza kukhala magalimoto a Fiat, kenaka a Peugeot 504. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, magalimoto atsopano anacepa, ndipo munthu wokhala ndi galimoto yoyenda anali ndi cinthu cimene ogula anali kucilimbirana.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991, pamene malonda anamasulidwa. Fakitale ija inaleka nchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'malo mwake munayamba kulowa magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan ndi ku Britain, maiko amene ciongolero cimakhala kudzanja lamanja monga kuno. Ena amatsikira pa doko la Dar es Salaam nalowera pa Nakonde. Ena amatsikira ku Walvis Bay nadzera pa ulalo wa Katima Mulilo umene unatsegulidwa mu 2004, ndipo ena amacokera ku Durban naoloka Zambezi pa ulalo wa Kazungula, umene unalowa m'malo mwa pantuni mu May 2021. Njira ziwiri zotsirizazi zimadzera mu Livingstone. Motero wogulitsa galimoto yake lero sapikisana ndi anzake a m'tauni okha, apikisananso ndi magalimoto amene akutsika m'sitima zapamadzi mwezi ndi mwezi.

NJIRA ZITATU ZOBWEREKERA

Pali njira zitatu zimene munthu angayendere m'galimoto yapamwamba popanda kutulutsa mtengo wake wonse tsiku limodzi.

Yoyamba ndi hayala ya tsiku kapena ya masiku ocepa. Iyi ndiyo imene alendo amagwiritsa nchito, ndiponso mabanja ofuna kuti mkwati ndi mkwatibwi acoke ku chalichi pa Benz. Mtengo wake wa tsiku limodzi umaoneka waukulu, koma dzuwa likalowa nkhani yatha, ndipo wobwerekayo sadziwa za matayala kapena za msonkho.

Yaciwiri ndi lendi ya zaka, kawirikawiri zitatu kapena zinai, imene a makampani amaicha lease. Galimoto imakhalabe ya kampani yobwereketsa. Wobwereka amalipira mwezi ndi mwezi, amapatsidwa malire a makilomita oyenda pa caka, ndipo akapitirira malirewo amaonjezera ndalama. Nthawi ikatha amabweza makiyi, natsala wopanda galimoto ndiponso wopanda ngongole.

Yacitatu ndi ya ku banki. Wofuna galimoto amayamba wapereka cigawo ca mtengo wake, banki nilipira zotsalazo, ndipo iye amabweza pang'onopang'ono pamodzi ndi ciongoladzanja. Galimoto imasanduka yakeyake akatsiriza kulipira. Akalephera pakati pa njira, banki iri ndi mphamvu yoilanda ndi kuigulitsa, ndipo ngati ndalama zogulitsirazo sizikwanira ngongole, iye amafunikabe kulipira zotsala ngakhale kuti tsopano akuyenda pansi.

M'njira zonse zitatuzi funso limene limatsogolera mtengo ndi limodzi: kodi galimoto imeneyi idzagulitsidwa ndalama zingati ikadzagwira nchito zaka zingapo?

CIMENE CIMADYA NDALAMA

Mlimi wa ku Chadiza amene amabwereketsa ng'ombe zake pa nthawi yolima amadziwa kuti ng'ombe zimatopa ndi kukalamba, ndipo amaika cimeneco mu mtengo wa hayala. Koma ng'ombe yaikazi imabala, ndipo ngakhale yothena yokalamba imagulitsidwa ku bucha. Galimoto sibala. Kuyambira tsiku limene yatuluka m'sitolo mtengo wake umayamba kutsika, iyende kapena ikhale pamthunzi.

Kutsika kumeneku ndiko kumene wobwereka amalipira. Ziwerengero zotsatirazi ndi citsanzo cabe cothandiza kuwerengera, si mitengo ya pamsika. Tiyerekeze kuti kampani yagula magalimoto awiri, iriyonse pa K2,000,000. Patapita zaka zinai, yoyamba ipeza wogula pa K1,400,000, pamene yaciwiri ipeza wogula pa K800,000 basi. Yoyamba yataya K600,000, ndiko kuti K12,500 pa mwezi m'miyezi 48. Yaciwiri yataya K1,200,000, ndiko kuti K25,000 pa mwezi. Magalimoto awiriwa anagulidwa pa mtengo umodzi, koma yaciwiri yadya ndalama kuwirikiza kawiri, ndipo kampani yobwereketsa, podziwiratu zimenezi, idzaika lendi yokwera pa yaciwiriyo kuyambira mwezi woyamba.

Mu 2024 bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Pa mtengo umenewo, K25,000 ndi matumba oposa 75, ndipo K12,500 ndi matumba pafupifupi 38. Amenewa ndi matumba amene amacoka m'nkhokwe mwezi uliwonse, mwini galimoto asanagule ngakhale lita imodzi ya mafuta.

Pamwamba pa izi pamabwera ciongoladzanja. M'zaka za 2023 ndi 2024 mabanki a malonda m'dziko muno anali kukongoza ndalama pa ciongoladzanja copitirira 20 peresenti pa caka. Pa ngongole ya K2,000,000, ciongoladzanja ca 20 peresenti cingafike pafupi ndi K400,000 m'caka coyamba cokha, zimene zipambana ngakhale kutsika kwa mtengo wa galimoto yaciwiri ija. Ici n'cifukwa cake lendi ya galimoto yapamwamba m'Zambia imalemera kuposa m'maiko amene ngongole n'zochipa. Palinso inshuwaransi, imene imawerengedwa potsata mtengo wa galimoto, msonkho wa pamseu wolipidwa ku RTSA, ndi msonkho wa pa malire wa ZRA, umene umasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto, msinkhu wake ndi kukula kwa injini. Injini yaikulu imalipira zambiri.

CIFUKWA CAKE MITENGO IMASIYANA

Pa msika wa magalimoto akale m'dziko muno n'zodziwika kuti Land Cruiser ndi Prado amasunga mtengo kwa nthawi yaitali kuposa magalimoto ambiri apamwamba a ku Ulaya monga Mercedes-Benz, BMW ndi Range Rover. Izi sizitanthauza kuti a ku Ulayawo ndi oipa. Pa mseu wa tala monga wa Mosi-oa-Tunya, wocoka m'tauni kupita ku mathithi, Benz imayenda mwacete ndi mofewa kuposa Land Cruiser, ndipo mlendo wa pa hotela yapamwamba amakondwera kulandiridwa nayo. Kusiyana kumabwera pa zinthu zitatu.

Coyamba ndi kuculuka kwa ogula. Land Cruiser yakale imafunidwa ndi a migodi, a mapulazi, a mishoni, mabungwe othandiza anthu ndi eni misasa ya alendo m'nkhalango za Kafue ndi Luangwa, cifukwa imadutsa mumcenga ndi m'matope. Benz yofupika, ya mimba yoyandikira pansi, ogula ake ndi a m'tauni okha. Pamene ogula aculuka mtengo umalimba, ndipo pamene acepa, wogulitsa ndiye amagwada.

Caciwiri ndi masipeya. Zitsulo za Toyota zimapezeka m'masitolo a m'mizinda yambiri, zatsopano ndi zogwirapo kale nchito. Zitsulo zina za magalimoto a ku Ulaya zimafunika kuitanitsa ku Lusaka, ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Lusaka ali pa mtunda wa makilomita oposa 450 kucokera ku Livingstone. Galimoto ya hayala imene yakhala pa miyala milungu itatu kudikira citsulo siibweretsa ngwee, koma banki siileka kuwerenga masiku.

Cacitatu ndi amakanika. Benz za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 zinachuka m'Africa monse cifukwa ca kulimba, ndipo makanika wa pansi pa mtengo anali kuzikonza ndi sipanala. Magalimoto apamwamba a masiku ano amayendetsedwa ndi makompyuta ambiri, kotero kuti kupeza cimene calakwika kumafuna makina apadera. Range Rover imakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i acitsulo. Matumbawo ndiwo amaipatsa kayendedwe kofewa, koma akakalamba nabooka galimoto imakhala pansi, ndipo kuwasintha kumadya ndalama zambiri. Wogula wocenjera amacotsa ndalama zimenezo pa mtengo asanagule.

Ngakhale zili tero, Land Cruiser si galimoto ya munthu wosauka. Ya injini ya V8 imamwa mafuta kwambiri, matayala ake ndi odula, ndipo mitundu yatsopano nayonso yadzaza makompyuta. Pamene kampani ya Toyota inatulutsa Land Cruiser 300 mu 2021, ofuna kugula anaculuka kwambiri kotero kuti kumayambiriro kwa 2022 kampaniyo inauza ogula a ku Japan kuti angadikire zaka zinai. Kusowa kumeneko kunakweza mitengo ya magalimoto akale a mtunduwo, koma kunali kwa nyengo cabe, ndipo si cinthu coti munthu amangirepo ciyembekezo. Boma lenilenilo linaona kulemera kwa magalimoto otere: mu 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti ma Land Cruiser VX amene Boma linagulira akuluakulu ake agulitsidwe.

KWACHA NDI DOLA

Zambia sapanga magalimoto otere, motero mtengo wao umatsata dola ya ku America. Mu 2013, caka cimene Kwacha inasinthidwa pocotsa maziro atatu, dola imodzi inali pakati pa K5 ndi K6. Pofika kumapeto kwa 2020 inali itapitirira K20, ndipo mu 2024 inapitirira K25.

Munthu amene cipangano cake ca lendi cinalembedwa m'madola, koma iye amalandira ndalama zake m'makwacha, amasenza katundu amene amalemera yekha ali pamutu. Malipiro a madola 1,000 pa mwezi anali osafika K6,000 mu 2013, koma malipiro omwewo anali oposa K20,000 kumapeto kwa 2020. Mahotela ndi makampani a alendo a ku Livingstone amapumako pang'ono pa bvuto limeneli, popeza alendo ao amabwera ndi ndalama zakunja. Wamalonda wa ku Maramba kapena mlimi wa ku Lundazi alibe citetezo cotero.

Kugwa kwa Kwacha kumanyenganso ogulitsa. Munthu angagule galimoto, naiyendetsa zaka zisanu, naigulitsa makwacha ambiri kuposa amene anagulira, nayamba kuuza anzake kuti galimoto ndi cuma copindula. Koma akapita ndi ndalamazo kukafuna ina yofanana nayo, apeza kuti sizikwanira. Makwacha aculuka m'thumba koma mphamvu yao yacepa. Ndipo Kwacha imatha kulimbanso, monga inacitira mu July ndi August 2021 pamene dola inatsika kucoka pa mtengo woposa K20 kufika pafupi ndi K16 m'milungu yocepa. Amene anagula magalimoto dola iri pamwamba anaona mtengo wa katundu wao ukutsika ali m'tulo.

MLENDO NDI MAME

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu August 2013 Livingstone, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe, unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za ulendo wa alendo. Miseu inakonzedwa, nthumwi za maiko ambiri zinafika, ndipo galimoto yabwino inali yosasowa nchito. Koma msonkhanowo unali wa masiku osafika sabata, pamene cipangano ca ku banki ndi ca zaka.

Phunziro lowawa linadza mu March 2020, pamene matenda a Covid-19 anafika m'dziko muno. Boma linalamula kuti ndege zocokera kunja zizitera ku Lusaka kokha, ndipo alendo analeka kubwera. Magalimoto amene anali kupita ku bwalo la ndege tsiku ndi tsiku anaima m'mipanda. Mwini galimoto yopanda ngongole anangoiphimba nadikira. Amene anali ndi ngongole anapeza kuti zipangano sizidziwa mliri, ndipo pamene anthu ambiri afuna kugulitsa nthawi imodzi, ogula ndiwo amachula mtengo. Pa nthawi yotere galimoto yofunidwa ku migodi ndi ku mapulazi imapezabe kolowera, pamene galimoto ya pa tala yokhayokha imasowa woifunsa.

MSAMPHA WA GALIMOTO YOCHIPA

Apa ndi pamene nkhani ifika pakhomo pa munthu wa kumudzi. Cifukwa cakuti magalimoto apamwamba a ku Ulaya amagwa mtengo msanga, Benz kapena BMW ya zaka khumi ndi zisanu ingapezeke pa mtengo wofanana ndi wa galimoto wamba yaing'ono. Mphunzitsi amene watumikira zaka makumi atatu, nalandira penshoni yake, angaone kuti nthawi yakwana yoti nayenso alowe m'mudzi ndi ulemu. Palibe colakwika pa cilakolako cimeneco.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wogulira unatsika, pamene mtengo wa masipeya, wa matayala, wa mafuta ndi wa makanika wodziwa galimotoyo sunatsike. Zitsulo zake zimagulitsidwabe pa mtengo woyenera galimoto ya munthu wolemera. Mvula ikagwa ndipo mseu wocoka pa Great East Road kupita kumudzi ukakumbika, mimba ya galimoto imagunda pansi. Citsulo cimodzi cikafa, ndalama zoti zikanagula feteleza kapena kulipirira ana ku koleji zimapita ku garaji. Mwini wake akatopa nafuna kuigulitsa, apeza kuti amene angaigule pafupi ndi kwao palibe, ndipo galimoto imatsala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

Cotero wofuna galimoto, kaya yogula kaya yobwereka, ayenera kukhala pansi ndi pensulo asanapereke ndalama. Afunse anthu atatu kapena anai ogulitsa magalimoto kuti ya mtundu womwewo, yokulirapo ndi zaka zinai, ikugulitsidwa zingati lero, pakuti kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiko kutaya kwake. Apite kwa makanika wa kwao, osati wa wogulitsa, akafunse ngati amaidziwa galimotoyo ndiponso kumene masipeya ake amacokera. Ngati ndi lendi kapena ngongole, awerengetse cipangano conse kwa munthu wodziwa, aone ngati malipiro ali m'makwacha kapena m'madola, ngati ciongoladzanja cingasinthe pakati pa njira, ngati pali malire a makilomita, ngati pali ndalama yaikulu yolipira kumapeto, ndi cimene cidzacitika akalephera kulipira miyezi iwiri. Aonenso buku la umwini, limene ambiri amalicha white book, natsimikize ku RTSA kuti dzina, nambala ya injini ndi ya chasesi zikugwirizana, ndi kuti galimotoyo siiri cikole ca ngongole ya munthu wina.

Ndipo ngati cofunika ndi ulemu wa tsiku limodzi, monga pa ukwati wa mwana, hayala ya tsikulo ndiyo yochipa kopambana, ngakhale mtengo wake umve kuwawa pouchula. Makampani a ku Livingstone amene akhala zaka zambiri pa nchito imeneyi amayamba awerenga za tsiku logulitsa asanasaine za tsiku logula. Mlimi amene thukuta lake lamupatsa ndalama ayenera kucita cimodzimodzi, pakuti safunsa anadya phula.